Wilo yokula limodzi ndi banja

Wilo imalembedwa tsiku lina, n'kudzawerengedwa tsiku linanso. Pakati pa masiku awiriwa pakhoza kudutsa miyezi itatu, pakhozanso kudutsa zaka 30. M'zaka zimenezo munthu amakwatira, ana amabadwa, njinga imagulitsidwa, puloti imagulidwa, ndipo ena mwa anthu amene mayina awo ali papepalapo amatsogola kumanda. Banja limene lidzasonkhane kuti limve wiloyo silidzakhala lija limene mwini wake ankaliona pamene ankasaina.

Pa wailesi ndi m'misonkhano ya mabanja timamva kawirikawiri uphungu wakuti tilembe wilo. Ndi uphungu wabwino, koma umathera panjira. Wilo imene inalembedwa bwino mu 2012 ikhoza kudzayambanitsa abale mu 2035 ngati mwini wake anangoitsekera m'sutikesi osaiyang'ananso. Owerenga Baibulo timakumbuka mfumu Hezekiya. Itadwala, mneneri Yesaya anaiuza kuti ikonze za banja lake chifukwa imfa inali pafupi, koma itapemphera inawonjezeredwa zaka 15. Palibe banja limene limakhala chimodzimodzi kwa zaka 15. Nkhani yathu lero ndi ya mmene tingalembere wilo yoti izitambasuka banja likamasintha, komanso nthawi imene tiyenera kuitulutsa n'kuilembanso.

Zimene lamulo limafuna

Nkhani za chuma cha masiye m'Malawi muno zimayendera lamulo la Deceased Estates Act la mu 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1967. Munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 18, ndipo mutu wake ukuyenda bwino, akhoza kulemba wilo. Wiloyo iyenera kukhala yolembedwa papepala. Mawu apakamwa amene bambo ananena ali gone m'chipatala, ngakhale anamvedwa ndi anthu khumi, si wilo. Mwini wake amasaina, kapena kudinda chala ngati satha kulemba, pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, ndipo mbonizo zimasainanso iye akuona, zonse zili pamodzi.

Mboni zikhale anthu akuluakulu amene sakulandirapo kanthu m'wiloyo, chifukwa mphatso ya munthu amene wachitira umboni ikhoza kukanidwa kukhoti. Sizifunikanso kudziwa zimene zalembedwa mkatimo. Ntchito yawo ndi kutsimikiza kuti anaona inuyo mukusaina mwa kufuna kwanu.

Munthu akamwalira wopanda wilo, lamulo ndi limene limagawa. Limayamba kuteteza mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi ena amene ankadalira iye. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba, ndipo zotsala zimagawidwa pakati pa iye, ana ndi makolo a malemu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu akhoza kukhalira kundende mpaka zaka 10. Komabe lamulo silidziwa banja lanu mmene inuyo mukulidziwira. N'chifukwa chake wilo ili yofunika, ndipo n'chifukwa chakenso iyenera kumanena za banja limene lilipo lero.

Ukwati umafafaniza wilo yakale

Ichi n'chimene ambiri sachidziwa. Mukalemba wilo muli mbeta kapena mnyamata wosakwatira, tsiku limene mwalowa m'banja wiloyo yatha mphamvu, pokhapokha ngati inalembedwa poyembekezera ukwati ndi munthu yemweyo amene mwakwatirana naye.

Tiyerekeze mphunzitsi wamkazi amene wangoyamba ntchito. Walemba wilo yonena kuti ndalama zake za kubanki zidzalipirire mng'ono wake sukulu. Patapita zaka ziwiri wakwatiwa, koma wilo ija sanaikhudze poganiza kuti zonse zili m'malo mwake. Akamwalira, chuma chake chidzagawidwa ngati cha munthu wopanda wilo. Mng'ono uja, ngati ali ndi zaka 21 ndipo ali ku koleji, salowa m'gulu la anthu amene lamulo limawatcha odalira malemu, pakuti gululi limatenga makolo ndi ana osakwana zaka 18 amene malemu ankawaphunzitsa. Fizi yake idzadalira chifundo cha mlamu wake.

Musaganizenso kuti ukwati ndi wa kutchalitchi wokha. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kutchalitchi, wa kuboma, ndi wa chinkhoswe. Choncho amene akukonzekera ukwati aike wilo pa mndandanda womwewo wa holo, diresi ndi mpunga. Alembe yatsopano ukwati ukangochitika, kapena alembe momveka bwino m'wiloyo kuti ikulembedwa poyembekezera ukwati ndi uje, ndipo idzagwirabe ntchito ukwatiwo ukachitika.

Banja likasokonekera, nkhani ndi yomweyo. Anthu amene angopatukana, wina kupita kwawo, ukwati osatha mwalamulo, akadali mwamuna ndi mkazi, ndipo dzina limene lili m'wilo likadali pomwepo. Ukwati ukatha, kapena mnzanu akamwalira inu n'kukwatiranso, lembani wilo yatsopano. Musasiyire oweruza ntchito yolota zimene munkafuna.

Ana amene sanabadwe

Bambo wa ana awiri akamalemba wilo, dzanja limathamangira kulemba mayina awiriwo. Wachitatu akabadwa patapita zaka zinayi, dzina lake mulibe. N'zoona kuti lamulo limalola khoti kuthandiza mwana kapena wamasiye amene wilo sinamuganizire mokwanira, koma njira imeneyo imadya nthawi ndi ndalama, ndipo imaika mwana pa mlandu ndi abale ake a bere limodzi.

Mankhwala ake ndi mawu ochepa chabe. M'malo mwa mayina okha, lembani motere: ana anga onse amene adzakhale ali moyo pa tsiku la imfa yanga, kuphatikizapo amene adzabadwe wiloyi italembedwa kale, adzagawane mofanana. Mayina a amene alipo mukhoza kuwatchula ndithu, koma chiganizo chimenechi chimasiyira malo amene akubwera m'mbuyo.

Dziwaninso tanthauzo la mawu akuti mwana pamaso pa lamulo. Lamulo silisankha pakati pa mwana wa m'banja ndi wobadwira kunja kwa banja, ndipo limawerengera ngakhale amene akadali m'mimba. Ngati pali mwana amene a kunyumba sakumudziwa, kubisa sikumuchotsa pa mzere. Kumangochititsa kuti nkhaniyo idzatulukire pamaliro, mwini wake palibe woti afotokoze.

Mbali inayo, m'nyumba zathu zambiri muli ana a achemwali kapena a achimwene amene anamwalira, amene tawalera kuyambira ali aang'ono ndipo amatitcha amayi kapena abambo. Mumtima ndi ana athu. Papepala, mawu akuti ana anga akhoza kuwasiya kunja ngati sanatengedwe mwalamulo kudzera kukhoti. Ana otere atchuleni mayina awo onse, n'kunena gawo lawo.

Mwana wa zaka 7 sangayendetse nyumba ya lendi. Wilo inene amene adzasunge gawo la ana aang'ono, ntchito imene ndalamazo zidzagwire, monga fizi, chakudya ndi chipatala, ndi msinkhu umene mwanayo adzapatsidwe chuma chake m'manja. Inenenso amene mukufuna kuti adzalere anawo makolo onse awiri atapita. Wolera ana ndi wosunga ndalama akhoza kukhala anthu awiri osiyana, ndipo nthawi zambiri zimayenda bwino motero, chifukwa wina amakhala diso la mnzake.

Katundu sakhala malo amodzi

Wilo zambiri zimamveka ngati mndandanda wa katundu: njinga yamoto kwa wamkulu, ng'ombe ziwiri kwa wachiwiri, makina osokera kwa wamkazi. Vuto n'lakuti katundu amayenda. Njinga ija ikagulitsidwa mwini wake akadali moyo, mphatsoyo yapita nayo limodzi, ndipo wamkulu uja sangaloze minibasi imene inagulidwa pambuyo pake n'kunena kuti ndiyo njinga yake. Ng'ombe ziwiri zija zikhoza kuswana n'kukwana 12, kapena kufa zonse ndi matenda. Bambo amene ankafuna kuti ana ake alandire mofanana amapezeka kuti wapatsa mmodzi khola lodzaza, wina chimanjamanja.

Ndalama nazo sizikhazikika. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Kholo limene linalemba mu 2021 kuti K500,000 idzakhale ya sukulu ya mwana linkaganiza za mitengo ya chaka chimenecho. Aliyense amene akulipira fizi lero akudziwa pamene ndalama imeneyo ingathere.

Zikhozanso kutembenukira kwina. Tiyerekeze munthu amene ali ndi K10 miliyoni. Walemba kuti K2 miliyoni ipite kwa mchimwene wake, zotsala kwa mkazi ndi ana. Kenako wadwala zaka zitatu, ndalama zathera kuchipatala, zatsala K2.5 miliyoni. Mchimwene uja adzatenga K2 miliyoni yake yonse, mkazi ndi ana n'kutsala ndi K500,000. Si zimene malemu ankafuna, koma ndi zimene analemba.

N'chifukwa chake kugawa ndi magawo kumaposa kugawa ndi ziwerengero. Akanalemba kuti mchimwene adzalandire magawo 20 pa 100 alionse, gawolo likanakula kapena kuchepa limodzi ndi chumacho. Amene akufuna kusiyira kanthu mpingo, sukulu kapena chipatala achitenso chimodzimodzi: atchule gawo, atchulenso dzina lenileni la malowo kuti pasadzakhale kukanganirana. Zinthu zokhala ndi chikumbutso, monga Baibulo la agogo kapena wotchi, zimenezo zitchuleni chimodzichimodzi.

Pomaliza pa mndandanda pasalephere kukhala chiganizo chosesa zotsala: katundu wanga yense amene sindinamutchule pamwambapa, kuphatikizapo amene ndidzapeze m'tsogolo, adzapite kwa akutiakuti. Popanda chiganizo chimenechi, puloti imene munagula wilo italembedwa kale idzagawidwa ngati kuti simunalembe kanthu. Kumbukiraninso kuti ngongole ndi zolipira pamaliro zimayamba zachotsedwa anthu asanagawane. Ngongole ya kubanki, ya ku SACCO kapena ya ku banki mkhonde imachepetsa zimene ana adzalandire.

Otchulidwa nawonso ndi anthu

Timalemba wilo ngati kuti ife ndife tidzayambe kupita, enawo n'kutsala. Chakudza sichiimba ng'oma. Pa dzina lililonse limene mwalemba, dzifunseni kuti, nanga uyu akatsogola? Ngati ndi mwana wanu amene ali ndi ana akeake, nenani ngati gawo lake lidzatsikire kwa zidzukuluzo kapena lidzabwerere kwa abale ake. Ngati mwasiyira zonse akazi anu kapena amuna anu, nenani zimene zidzachitike mutapitira limodzi, monga zimachitikira pa ngozi za pamsewu.

Funso lomweli likhudzanso munthu amene mwamusankha kuti adzayendetse wiloyo. Ntchito yake ndi yolemera: kukatenga chilolezo kukhoti, kusonkhanitsa katundu, kubweza ngongole, ndi kugawa motsatira zimene munalemba, achibale akumuyang'ana ndi diso lofiira. Ambiri amasankha malume kapena mkulu wa mpingo amene amawaposa ndi zaka 20. Ulemu ulipo, koma masamu akukana. Sankhani munthu wokhulupirika amene angathe kuyenda m'maofesi, mumupemphe akadali moyo wanu, ndipo mulembe wachiwiri woti adzalowe m'malo woyambayo akadzamwalira, akadzadwala kapena akadzasamukira ku Johannesburg. Pakasowa woyendetsa, nkhani imakathera ku ofesi ya Administrator General kapena kwa DC, ndipo ana amadikira pamzere limodzi ndi mabanja ena ambiri.

Zimene wilo siifikako

Pali chuma china chimene sichimvera wilo. Ndalama za penshoni ndi za inshulansi ya moyo kawirikawiri zimapita kwa anthu amene munawalemba pa fomu ya kuntchito kapena ya kukampani ya inshulansi. Ambiri amadzaza fomu imeneyi sabata yoyamba ya ntchito, asanakwatire, n'kulembapo amayi awo kapena mlongo wawo. Zaka 15 zikudutsa, ana atatu abadwa, fomu ili chomwecho. Tsiku limene mukukonza wilo, pitaninso ku ofesi yoona za antchito mukaone zimene zili pa fomu yanu.

Chachiwiri, munthu amagawa chake chokha. Nyumba imene munamanga awiri ndi akazi anu, wina kugula malata wina njerwa, si yanu nokha, ndipo wilo yanu ingagawe gawo lanu basi. Munda wa makolo umene munapatsidwa kuti muzilima nawonso si wanu mofanana ndi njinga imene munagula. Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata kumudzi kwa akazi ake, kapena mayi amene ali pa chitengwa, afunse bwino za malowo asanalembe. Lamulo la malo a m'midzi la mu 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, ndipo pamene pali chikalata cha umwini mikangano imachepa.

Chachitatu, chuma chimene palibe akuchidziwa sichigawika. Masiku ano ndalama zimakhala pa Airtel Money, pa Mpamba, ku SACCO, ku banki mkhonde, ndi kwa anthu amene tinawakongoza. Lembani pa pepala lapadera mndandanda wa maakaunti, zikalata za malo, bulubuku ya galimoto, amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole yanu. Pepala limeneli si wilo, choncho mukhoza kulisintha mwezi uliwonse popanda mboni. Manambala achinsinsi musawalembe m'wilo, chifukwa ikadzafika kukhoti idzawerengedwa ndi anthu ambiri.

Kusintha kwake

Musafufute dzina ndi cholembera n'kulemba lina pamwamba. Kusintha kotero, kopanda kusaina ndi mboni, khoti likhoza kukukana, ndipo kumapatsa anthu mpata wonena kuti wina anaseweretsa pepalalo. Njira zoyenera ndi ziwiri. Ngati kusinthako n'kochepa, monga kusintha woyendetsa wilo, mukhoza kulemba kalata yowonjezera imene maloya amaitcha codicil, ndipo imasainidwa pamaso pa mboni ziwiri mofanana ndi wilo yeniyeniyo. Ngati zosintha n'zambiri, lembani wilo yatsopano, muyambe ndi mawu akuti mukuthetsa wilo zonse zimene munalemba kale, muikepo deti, kenako muwononge yakaleyo ndi makope ake onse. Wilo ziwiri zopanda madeti ndi nkhondo yokonzeratu.

Wilo ikhoza kusungitsidwa kukhoti lalikulu, ku ofesi ya DC, kubanki kapena kwa loya. M'sutikesi ya kuchipinda muli chiswe, muli moto, mulinso manja a munthu woyamba kulowa m'chipindamo maliro akangolengezedwa. Kulikonse kumene mwasunga, uzani woyendetsa wanu ndi munthu winanso mmodzi, ndipo mukalemba yatsopano mukasinthenso kumene munasungitsako. Amene ali ndi nyumba, bizinesi, kapena ana a maukwati awiri achite bwino kuonana ndi loya. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau.

Nanga wilo iziyang'anidwa liti? Zochitika izi zizikukumbutsani: ukwati, kutha kwa ukwati, kubadwa kwa mwana, kutenga mwana wamasiye, imfa ya aliyense wotchulidwa, kugula kapena kugulitsa malo, kuyamba kapena kusiya ntchito, mwana kukwanitsa zaka 18, ndi kusamukira kunja kwa dziko. Ngakhale palibe chimene chachitika, sankhani mwezi umodzi pa chaka, monga Januwale, muziiwerenga. Nthawi zambiri mudzangoibwezera m'envelopu. Chaka china mudzapeza dzina la munthu amene munamuika m'manda kale.

Pakamwa pakonze njira

Pepala lokha silithetsa zonse. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi kumwera, kumene mbumba imatsata kuchikazi, ana a mlongo anazolowera kuyembekezera kanthu kwa malume awo. Kumene kuli malowolo, abale a mwamuna amaona kuti ali ndi mawu pa nyumba ndi pa ana. Lamulo la mu 2011 linaika mkazi, mwamuna ndi ana patsogolo, koma mitima ya anthu sisintha tsiku limene Nyumba ya Malamulo yavomereza lamulo. Munthu amene wakhala pansi ndi akazi ake, ankhoswe ndi abale ake n'kuwauza maganizo ake akadali wamphamvu wachotsa kale minga panjira ya ana ake. Safunika kuulula ziwerengero. N'zokwanira kuti adziwe kuti wilo ilipo, ndipo aimve kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Ophunzira anzanga, mwina mukuti nkhaniyi ndi ya a imvi. Ambiri a ife tadutsa kale zaka 18, ndipo m'zaka zisanu zikubwerazi tidzasaina fomu ya penshoni, tidzalowa m'banja, ena tidzayamba kulipirira azing'ono athu sukulu. Zaka zimenezi ndi zimene banja limasintha mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Tilinso ndi ntchito kwathu. Kufunsa makolo za wilo kumamveka ngati kuwaitanira imfa, choncho tchuthi chikubwerachi musayambire pamenepo. Yambani ndi kufunsa kumene kuli zikalata za puloti, ndi ngati fomu ya kuntchito ili ndi mayina a ana onse, mpaka wotsiriza. Ngati pakamwa palemera, pemphani malume, azakhali kapena abusa kuti akuyambireni. Ndipo kwa inu makolo athu amene munalemba kale wilo, sabata ino itulutseni, muone deti limene lili pamenepo, muwerenge mayina, kenako muwerenge anthu amene akudya m'nyumba mwanu madzulo ano.